Dzina la Ba Chanda

Edmonton, London, chaka chino

Limbani ndi Tiyamike, ana anga, tsiku limene anzanga a kuchipatala anandikonzera phwando lotsanzikana nane munalipo nonse. Munamva mkulu wa wodi yathu akunena kuti pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya uzamba palibe mayi amene anadandaulapo za ine. Munaomba m'manja, iwe Limbani mpaka kuimba likhweru ngati uli ku mpira. Ine keke ya phwandolo ndinaisiya m'mbale. Zimene ananenazo ndi zoona pa zaka za kuno ku London zokha. Kumbuyoko kuli mayi mmodzi amene sakanatha kudandaula chifukwa anamwalira, ndiponso kuli bambo wina, Ba Chanda, amene anachotsedwa ntchito n'kuipiridwa dzina pa mlandu umene unali wanga. Ndikulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mumamva koma mumayankha m'Chingerezi, choncho muwerenga pang'onopang'ono, ndipo ndi mmene ndikufunira.

Nyanja za kumpoto kwa Zambia, pakati pa zaka za m'ma 1980

Mukudziwa kale kuti agogo anu anathawa ku Malawi pa nkhani za ndale n'kukatilerera ku Lusaka. Pakhomo tinkalankhula Chichewa, panja Chinyanja cha m'tauni, ndipo ine ndinkaona ngati dziko lonse limamva zimenezo. Nditamaliza maphunziro a uzamba, kalata inabwera yonditumiza ku chipatala chaching'ono cha pa chilumba china, m'chigawo cha kumpoto. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, yunifolomu ziwiri, ndi mtima wodziona ngati ndafikapo.

Agogo anu akati "nyanja" ankatanthauza imodzi yokha, ya kwawo imene anaisiya. Kumpoto kuja ndinapeza kuti nyanja ndi zambirimbiri. Bangweulu ndiye wamkulu wa dera lathu, woti ukakhala pakati pake sudziwa pamene madzi athera ndi pamene thambo layambira. Pambali pake pali Chifunabuli, kummwera Kampolombo, ndiye m'madambo muli tinyanja tina tosawerengeka, toti pa mapu a muofesi yathu panalibe. Tinyanjato timalumikizana ndi tingalande todutsa m'gumbwa ndi m'bango, ndipo ngalande imene wadutsamo mwezi uno ukhoza kuipeza yatsekeka mwezi wamawa. Pa kanyanja kalikonse panali anthu, ndipo pamene pali anthu pali amayi oyembekezera. Msewu kunalibe. Amene sanabwere pa bwato, timayenera kumutsatira pa boti la injini.

Mkulu wa chipatala anali a Sakala, ochokera ku Katete. Sanali dokotala weniweni, koma pachilumbapo aliyense ankawatchula choncho ndipo iwo sankakana. Anakhalako zaka khumi osaphunzira Chibemba, chimene ndicho chilankhulo cha kumeneko. Wodwala akapanda kumva, iwo ankangobwereza Chinyanja chomwecho mokweza mawu. Anali munthu wabwino pa zambiri. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuchapa magolovesi ndi kuwayanika pa chingwe, kusunga palafini wa firiji ya katemera, ndi kusalira pamene mgolo wa petulo wachedwa mwezi wathunthu. Petulo ndiye anali mfumu yathu. Ulendo uliwonse tinkaukambirana kaye ngati ukwati.

Woyendetsa boti anali Ba Chanda, mwana wa pachilumba pomwepo, wa zaka za m'ma makumi anayi. Anagwirapo ntchito ku Lusaka, choncho Chinyanja ankachidziwa, ndipo ndi iwo amene ankatitanthauzira, ngakhale pa ntchito imeneyo sankalandirapo kanthu. Nyanja zonse zija ankazidziwa monga mmene mayi amadziwira ana ake. Ankangoyang'ana mtundu wa madzi n'kunena kuti apa ndi posaya, injini tiyikweze. Ankandiseka pa Chibemba changa, ine n'kumakwiya, chifukwa pofika mwezi wachisanu ndi chitatu ndinkaona ngati ndachigwira. Mawu amene ndinkawadziwa bwino koposa anali akuti "mailo". Tsiku lililonse ndinkauza amayi kuti "mwise mailo", kutanthauza kuti mubwere mawa. Kwa ine mailo anali mawa, basi. Palibe anandiuza zina, ndipo ine sindinafunse.

Pa kanyanja kena, ulendo wa maola anayi pa bwato, panali mayi wina amene ankatchedwa Bana Mulenga, ndiko kuti amake Mulenga. Anali ndi pathupi pachisanu. Nditamuyeza ndinapeza kuti mwana wagona mopingasa, ndipo kudzera mwa Ba Chanda ndinamuuza kuti mwezi wake ukayandikira abwere adzadikirire ku chipatala. Anaseka, nati abwera akamaliza kuyanika chinangwa. Anali mayi wamfupi wa mpata kumano, ndipo anandipatsa nsomba ziwiri zouma.

Lachiwiri lina m'mawa tinkakonzekera ulendo wa katemera wa masiku awiri, mbali ina ya nyanja. Ba Chanda anali kudooko akumanga zigubu za petulo. Ine ndinali pakhonde ndikulongedza katemera m'bokosi lozizira, mtima uli m'mwamba chifukwa dzuwa linali litakwera kale. Pamenepo panafika bambo wina thukuta lili kamukamu, nkhafi ili m'manja. Anali mlamu wake wa Bana Mulenga. Anagwada n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu, maso ali pansi, monga mmene mwamuna wa kumeneko amachitira akamanena nkhani ya uchembere kwa mkazi. Analankhula nthawi ndithu. Ine ndinatolapo zitatu: dzina la mayiyo, mwana, ndi mailo. Ndinasangalala kuti mayi uja wamvera malangizo anga ndipo abwera mawa. Ndinati, "Chisuma, chisuma," ndiko kuti chabwino. Bamboyo anaomba m'manja mwaulemu n'kuthamangira ku bwato lake.

Nditafika kudooko, Ba Chanda anali kuyang'ana bwato lija likupita.

"Sisita, uja muntu enze kufuna chani?"

"Wadzanena kuti Bana Mulenga abwera mawa."

"Manje apalasa so bwanji? Anakamba bwanji maningi? Nimuitane?"

"Ba Chanda, Chibemba ndikuchimva. Tiyeni, katemera awonongeka."

Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anakoka chingwe cha injini. Tinalowera kumadzulo, bwato lija likulowera kummawa.

Tinabwerako Lachitatu masana n'kupeza uthenga wa maliro. Bana Mulenga anamwalira m'mamawa wa tsikulo, mwana ali m'mimba. Lachinayi tinapita kukaika. Pamaliropo mlamu uja anaimirira n'kufotokoza, ndipo ndinaona mitu yonse ikutembenukira kwa Ba Chanda. Pobwerera, tili pakati pa kanyanjako, Ba Chanda anazimitsa injini. Tinali awiriwiri.

"Sisita, uja muntu anakuuzani kuti matenda yanayamba mailo, na dzanja ya mwana yaonekela. Mailo ni mawa, mailo ni dzulo futi. Mufunika kumvela mau yamene yali pafupi."

Chichewa chathu chili ndi dzulo ndi mawa. Chibemba chili ndi mawu amodzi pa zonse ziwiri, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mneni. Bambo uja anandiuza kuti mayiyo wakhala akuvutika kuyambira dzulo lake, ine n'kumuyankha kuti chabwino. Anabwerera kukauza anthu kuti Sisita wavomera, boti likubwera. Anadikira tsiku lonse akumvetsera kulira kwa injini. Ndinasanzira m'madzi, Ba Chanda atagwira m'mphepete mwa boti kuti lisapendekeke.

Mwezi wotsatira

Abale anakadandaula ku boma, ndipo kunabwera akuluakulu awiri kudzafufuza. Kumudzi kuja nkhani inali itapsa kale motere: Sisita anavomera, ndiye amene sanabweretse boti ndi woyendetsa boti. Ena ankati ankaumira petulo kuti azigulitsa kwa asodzi. M'mawa wa tsiku la kafukufuku a Sakala anandiitanira m'chipinda chosungira mankhwala. Ndinali nditawauza kale zoona zonse.

"Sisita, tamverani. Mzamba pa nyanja zonsezi ndinu nokha. Mukachotsedwa, pano papita chaka tisanalandire wina, ndipo amayi angati afe m'chaka chimenecho? Woyendetsa boti timupeza mawa lomwe. Komanso musaiwale kuti bambo anu ndi othawa kwawo. Dzina lanu likalowa m'mafayilo a boma, sadzafunsa za inu nokha."

Sindikufuna kuwasenzetsa a Sakala katundu wanga. Ananena zimene ankaziona, ndipo zina mwa izo zinali zoona. Koma ndikamakumbukira mmene mtima wanga unapepukira atangomaliza kulankhula, ndimadziwa kuti za amayi ena zija sindinkaziganizira. Ndinkaopa manyazi. Ndinkaopa kubwerera ku Lusaka ndi sutikesi, pomwe agogo anu anali atauza mpingo wonse kuti mwana wawo ndi nesi.

Tinakhala muofesi anthu asanu. Mmodzi wa akuluakulu aja anafunsa Ba Chanda chifukwa chimene sanapitire ndi boti kwa wodwala. Ba Chanda anayankha mosakweza mawu kuti uthengawo sanaulandire ndi iwo, ndipo kuti Sisita anawauza kuti mayiyo abwera mawa. Mkuluyo anatembenukira kwa ine.

"Sisita, munanena zimenezo?"

"Sindikukumbukira kuti ndinanena zimenezo."

Mawu amenewo ndinawanena ine, mayi wanu, amene ndinkakukwapulani mukanama za maswiti. Ba Chanda sanatsutse. Anandiyang'ana monga mmene ankayang'anira madzi akafuna kudziwa kuya kwake, kenaka anatulutsa sipanala ya injini m'thumba n'kuiika pa tebulo. Kalata yowachotsa ntchito inafika patatha milungu itatu. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi.

Mpulungu, Kaputa, Mbala, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Pachilumbapo ndinakhalapo chaka chimodzi chokha pambuyo pake, ndipo ndinapempha kusamuka. Za a Sakala zoti amayi afa ndikachoka sindinazikumbukirenso. Ananditumiza ku Mpulungu, m'mbali mwa Tanganyika, nyanja yakuya yoti ngakhale asodzi amaiopa. Kenaka ku Kaputa, kufupi ndi Mweru Wantipa wa madzi amatope, kumene tinakhala miyezi inayi popanda ulusi wosokera mabala. Pomaliza ku Mbala, kumene kuli kanyanja kakang'ono ka Chila, ndipo ndi kumene ndinakumana ndi malemu bambo anu akuphunzitsa sukulu. Nkhani za malo amenewa mwazimva kambirimbiri, za ng'ona ndi za mabasi ofera panjira, chifukwa ndizo ndinkasankha kukuuzani. Chibemba ndinachiphunzira mwaukali, mpaka anthu ankandifunsa kuti kwathu ndi mudzi uti wa ku Luwingu. Bambo anu ankanyadira zimenezo pa anzawo. Anapita kumanda osadziwa chimene chinandiphunzitsa.

London, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Za kubwera kuno mukuzikumbukira: chipinda chimodzi chija cha pamwamba pa shopu, kuzizira kwa chaka choyamba, ndi ine kuthamangira basi ndi jekete la bambo anu. M'wodi ya amayi ya kuno ndinapeza zilankhulo zochuluka kuposa nyanja zija. Ndinatchuka ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Mayi akandiuza kanthu, ndinkamubwezera zimene ndamva kuti avomereze. Akatchula tsiku, ndinkatenga kalendala kuti aloze ndi chala. Mwamuna akati atanthauzira mkazi wake, ndinkakana mpaka apezeke wotanthauzira wa pa foni, ngakhale madokotala akhale akugwedeza miyendo. Anzanga a mashifiti ankandiseka kuti ndikanakhala wapolisi. Mabwana ankandiyamikira n'kumanditumizira ophunzira kuti atengere chitsanzo. Ine ndinkadziuza kuti mwina mwa njira imeneyi ndikukonza zimene ndinalakwa. Koma amayi a ku Somalia ndi a ku Turkey amene ndinawathandiza sanali Ba Chanda, ndipo Ba Chanda sankadziwa n'komwe kuti ndili moyo.

Patatha sabata chichitikireni phwando lija, ndinakwera sitima kupita ku Barking kwa Bana Kaluba, mnzanga wa ku Zambia uja amene amasamalira okalamba. Kwawo ndi dera lomwelo la Bangweulu. Ndinawapeza akuchokera ku ntchito, mapazi ali m'beseni la madzi otentha. Ndinawauza zonse, koyamba m'moyo wanga kuziuza munthu kuchokera pa a Sakala. Anatulutsa mapazi m'beseni muja n'kundifunsa.

"Manje mufuna chani, ba Sisita? Mufuna kutuma ndalama?"

"Ndikufuna kudziwa ngati ali moyo."

"Ngati ali moyo muzakamba nao chani? Ni forty years iyi."

"Zomwe ndakuuzanizi."

Anaimbira mchimwene wawo, mchimwene wawoyo anafunsa kwa anthu a m'maboti, ndipo patatha milungu itatu ndinalandira nambala ya Mwape, mwana wamkazi wa Ba Chanda. Nambalayo inakhala pa chitseko cha firiji masiku asanu ndi anayi. Loweruka lina m'mawa ndinaimba foni ya kanema ndili m'khichini. Mwape anayankha, mayi wa imvi ngati ine, ndipo nditatchula dzina langa nkhope yake inauma. Anandiuza mosabisa kuti iye ndi ang'ono ake anasiyira sukulu panjira, ndipo kuti pachitsime ankatchedwa ana a munthu amene anapha Bana Mulenga. Kenaka anatembenuza foni. Ba Chanda anali pampando pansi pa mtengo wa mango, atawonda, diso limodzi litachita ng'ala.

Ndinalankhula m'Chibemba. Ndinati ndinanama muofesi muja, ndinkakumbukira bwinobwino, ndipo ndikupempha kuti andikhululukire. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Atatero anaseka pang'ono, nayankha m'Chinyanja chawo chija.

"Sisita, Chibemba manje mwachiziba. Koma ivi vamene mwakamba, ine niviziba kudala. Ninalipo. Muuza ine chifukwa chani?"

Kenaka anapitiriza.

"Mulenga alipo, mwana woyamba wa uja mai. Enze na zaka naini. Manje ni mukulu wa mpingo. Tipempela chechi imozi, koma kuchokela pa malilo ya amai bake sananipaseko moni. Ngati mufuna kukamba, mutume foni pa Sondo, bantu bakachoka mu chechi. Mukambe kuli beve."

Sizimene ndinkayembekezera. Ndinkaganiza kuti ndilira, iwo anena kuti zinatha, ine ndigona tulo. Ndinavomera, ndipo nditatseka foni ndinayamba kufunafuna chifukwa chokanira. Sindinachipeze.

Edmonton, Lamlungu lotsatira

Iwe Tiyamike ukukumbukira kuti ndinakuitana kuchokera ku Lewisham ndikunena kuti foni yanga ikuvuta. Siinkavuta. Ndinkangofuna munthu woti andigwirire. Unakhala moyang'anana nane pa tebulo la m'khichini, utagwira foni, osadziwa zimene zikuchitika kutsidya kwake. Mwape anaimika foni yake pa mpando panja pa tchalitchi. Ndinkaona anthu ochuluka atakhala pansi, amayi mbali ina, abambo mbali ina, ndipo kumbuyo kwawo madzi akunyezimira. Ba Chanda anali kumapeto, pa mpando wawo. Kutsogolo kunali bambo wina wamfupi wovala jekete lakuda. Atatsegula pakamwa kuuza ana kuti akhale chete, ndinaona mpata wa kumano uja.

Ndinatchula dzina langa ndi la bambo anga. Ndinati ndine mzamba amene ndinali pachilumbapo chaka chimene Bana Mulenga anamwalira. Ndinati uthenga unafika bwino, ndipo unafikira ine. Ndinati sindinaumve chifukwa Chibemba sindinkachidziwa koma ndinkadzionetsa ngati ndikuchidziwa, ndipo Ba Chanda atafuna kumuitana munthu uja kuti afunsitse, ndinawaletsa ndine. Ndinati akuluakulu a boma atandifunsa ndinanama, Ba Chanda ananena zoona, ndipo petulo sanagulitsepo ndi dontho lomwe. Iwe unandinong'oneza kuti, "Mum, are you okay?" ndipo ndinakugwedezera mutu kuti usatsitse foni. Pomaliza ndinalankhula kwa Mulenga mwini. Ndinati mayi ake akanatha kupulumuka boti likanapita tsiku lija, ndipo amene analiletsa ndi ine.

Ndinkamva nkhuku ndi mwana wina akutsokomola. Mulenga anayang'ana foniyo nthawi yaitali, ndipo ndinadikira chilichonse chimene akanandinena, chifukwa chinali chondiyenera. Anadzuka, nasasa fumbi pa thalauza, n'kudutsa pakati pa anthu mpaka pamene panali Ba Chanda. Anavula chipewa n'kugwada pa mchenga, munthu wamkulu wa zidzukulu, n'kuomba m'manja.

"Mwapoleni, mukwai."

Ndi moni wamba wa kumeneko, womwe anthu amapatsana akakumana panjira. Ba Chanda anatambasula dzanja akufufuza, chifukwa mbali imeneyo saona, mpaka anagwira phewa lake.

"Endita, mukwai."

Kenaka Mwape ananyamula foni, ndinaona thambo, ndipo inaduka. Kwa ine Mulenga sanalankhulepo, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Ndinatumiza uthenga kawiri kudzera mwa Mwape, ndipo kachiwiriko anandiyankha kuti ndisatumizenso.